Tsiku Limene Tinabisa Alamu Anga M'nkhokwe

Mng'ono wanga Flossie anakwatiwa ndi Mchaina, ndipo chonde musayambe mafunso aja oti kodi amadya chiyani, kodi amamenya kareti. Ndinatopa nawo. Dzina lawo ndi a Liyangi. Anabwera ku Mwanza ndi kampani ina yomanga milatho, kampaniyo itanyamuka iwo anatsala, chifukwa anali atamuona Flossie akugulitsa manachesi pa Boma. Ukwati unayenda bwinobwino, ankhoswe analipo, ndipo anabwera kudzamanga nyumba kwathu kuno kufupi ndi Thambani monga amachitira mwamuna aliyense wodziwa mwambo. Ali ndi mwana wamkazi, Nthanda, amene wayamba sukulu chaka chino. Chichewa amalankhula mpaka kutukwana nacho mbuzi. Amakonza masola ndi mijigo, amalima, ndipo kukagwa maliro amakumba nawo manda.

Vuto linali limodzi: amayi anga, a Nangozo, ankawalemekeza moipa.

Kwathu kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi amathawana. Mukakumana panjira wina amapatukira kutchire. Simudyera pamodzi, simuyang'anizana m'maso. Amuna anga a Watson, amayi akangowaona akubwera amakhotera kuseri kwa khola, ndipo akafuna kuwakalipira amakalipira ine mokweza, eniake ali chapomwepo: "Deliwe, uwauze abambo a Melvin kuti denga la kitchini silidzifolera lokha!" A Watson akamva zimenezi amapita kukamweta udzu akuimba mluzu, chifukwa kukalipiridwa kodzera mwa mkazi wako ndiye kuti pakhomopo uli ndi malo.

Koma a Liyangi akangotulukira, amayi ankathamangira mpando wa pulasitiki wobiriwira, kuupukuta ndi chitenje, kuwagwira chanza ndi manja awiri, n'kukhala nawo pafupi kumawayang'ana kumaso. "Takulandirani bwana. Kaya kwanu kuli bwanji? Mvula ikugwa?" Munthu nyumba yake ili apo, utsi wake ukuoneka, koma tsiku ndi tsiku takulandirani bwana.

Tsiku lina tikuthyola manachesi, a Liyangi anandiuza kuti, "Alamu, mpando uja ukundipweteka."

"Wathyoka mwendo?"

"Ayi. Munthu amene mumamupatsa mpando tsiku lililonse ndi munthu amene mukudikira kuti anyamuke. Ine ndikufuna amayi azindithawa ngati a Watson."

Ndinaseka mpaka dengu linagwa, koma nditawayang'ana ndinaona kuti munthuyo sakuseka. Zinandimvetsa chisoni. Madzulo ake ndinawafunsa amayi kuti bwanji sawathawa akamwini awo.

"Iwe, ndithawe mzungu? Aziti ndapenga? Amenewa ndi alendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."

Pakamwa panga sipasunga kanthu. Mawu amenewa ndinamuuza Flossie, Flossie anawauza amuna ake, ndipo amuna akewo anangoti "Chabwino," n'kupita kukakonza mjigo.

Kenako kunabwera Kinsley, mwana wa msuweni wa amayi, amene amagwira ntchito yoyendetsa alendo ku Blantyre. Anatsika pa kabaza atavala magalasi akuda, n'kunena kuti Loweruka abwera ndi azungu awiri a ku Amereka amene akupita ku Mozambiki, koma akufuna kaye kuona mudzi weniweni wa mu Afirika.

Amayi anasangalala ngati kukubwera bishopu. Anaitanitsa wigi ku Boma. Analamula kuti pakhonde papakidwe polishi wofiira, sofa itulutsidwe panja kuti ioneke, dishi ya kanema ipukutidwe. A Liyangi atafika n'kuona zimenezi anaseka mpaka anakhala pansi, pa dothi penipeni, mpando usanafike.

"Mwalakwitsa zonse," iwo anatero. "Ine anthu a ku Amereka ndimawadziwa. Ndinakula ndikuwaonera."

Ndiye anatifotokozera. Kwawo ku China kuli mtsinje wina wa mapiri osongoka kumene alendo amakonda kupita. Bambo awo ankagwira ntchito ya magetsi, munthu wa njinga yamoto ndi wotchi pamkono. Koma basi ya a ku Amereka ikamafika, ankavula wotchi, kumata ndevu zoyera, kuvala chipewa cha udzu, n'kuima pa bwato la nsungwi ndi mbalame zogwira nsomba. Nsombazo ankagula kumsika n'kuziponya okha m'madzi. A Liyangi, ali wamng'ono, bambo awowo ankawavula nsapato n'kuwakweza pa ng'ombe.

"Wa ku Amereka amakwera ndege kuti akaone zinthu zimene agogo ake anazithawa," anatero. "Akapeza firiji amakhumudwa, firiji ali nayo kwawo. Akufuna munthu wosauka koma womwetulira. Wosauka wokwiya samufuna, ndipo wolemera womwetulira amamukayikira."

"Nanga amadya chiyani?" anafunsa amayi, atakhala nawo pafupi mwachizolowezi.

"Sadya. Amalawa pang'ono, kutseka maso, n'kunena kuti wawu. Madzi amayenda ndi awo m'botolo, amayamwa panjira ponse ngati khanda. Akufunsani kuti muli bwanji, koma musayambe za msana wanu ndi za maliro a ku Neno, safuna yankho. Akumwetulirani ngati munabadwa bere limodzi, mawa sakukumbukani. Agogo aamuna amavala kabudula. Nsapato amavala zokwerera phiri, pomwe ulendo wake ndi wochokera pagalimoto kufika pansi pa mtengo wa mango. Ndipo chilichonse chotseka amafuna kuchitsegula."

Ine ndinati, "Nanga inu Achaina mukapita kwa eni mumatani?"

"Ife timadzijambula tokha. Mudzi wanu umangokhala kumbuyo."

Kuyambira pamenepo a Liyangi anasanduka kapitawo. Lamulo lawo linali limodzi: chilichonse chimene mlendo angachipeze kwawo kapena m'sitolo, chibisidwe. Kuseri kwa nyumba ya amayi kuli nkhokwe yakale imene tinasiya kugwiritsa ntchito, poti chimanga timasunga m'matumba m'nyumba chifukwa cha akuba. M'menemo munalowa batire la sola, wailesi, dishi ya kanema, ndowa za pulasitiki, ambulera, ngakhale wigi ya amayi isanavalidwe n'komwe. Sofa anaifunditsa mphasa kuchipinda. Sola ya padenga anaiphimba ndi mapesi. Polishi wa pakhonde anamuthira dothi, amayi akuyang'ana ngati akuika m'bale wawo m'manda.

Mtondo tinakabwereka mudzi wina, poti ife timapita kuchigayo. A Watson anapatsidwa malaya ong'ambika ndi khasu, foni yawo inasomekedwa mu udzu wa denga la kitchini. A Liyangi ankayenda uku ndi uku akuloza, thukuta lili kamukamu, ndipo ndinaona kuti akusangalala. Kwa nthawi yoyamba pakhomopo anthu ankawafunsa zochita m'malo mowafunsa ngati akufuna tiyi.

Loweruka m'mawa Kinsley anatsogola kudzayendera, alendowo atawasiya pa Thambani akujambula nkhuku zomangidwa pa njinga. Anazungulira bwalo lonse akugwedeza mutu mokhutira.

"Izi ndiye zenizeni," anatero. Kenako maso ake anaima pa a Liyangi. "Nanga awa?"

Tonse tinamuyang'ana Kinsley.

"Musandimve molakwa, bwana. Koma Mchaina kwawo aliko. Anthu auluka ulendo wonsewu, atsike galimoto, munthu woyamba kumuona m'mudzi wa mu Afirika akhale inuyo? Andinena kuti ndawanamiza."

Flossie anaphulika. "Iwe Kinsley, amuna anga si wailesi! Ukabise amako!"

A Liyangi anatembenuka n'kuyang'ana amayi. Ndinadziwa chimene akudikira, ndipo mumtima ndinkapemphera kuti amayi anene mawu amodzi okha oti awa ndi apakhomo pano.

Amayi anaganiza pang'ono, n'kunena mokoma mtima kuti, "Kinsley wanena zoona. Alendo akakumana ndi alendo anzawo angachitirane nsanje. Bwana apume kaye m'nkhokwemo. Deliwe, uwalowetsere mpando, asakhale pansi."

Mayo ine! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika. A Liyangi anangoti, "Lamulo ndinaika ndine," n'kukwera. Ine ndinawapatsira mpando wobiriwira uja ndi manachesi angapo, a Watson n'kubwezeretsa denga. Flossie anatenga Nthanda n'kukadzitsekera m'nyumba mwake.

Galimoto inafika. Munatuluka mwamuna wamkulu wa imvi atavala kabudula, mawondo ali pamtunda, ndi mkazi wake dzina lake Annette, aliyense botolo kumanja ndi nsapato za kuphiri. Ndikukuuzani, zonse zimene a Liyangi ananena zinachitika ngati anthuwo anachita kuuzidwa. Annette anawakumbatira amayi ngati mwana wawo wotayika. Anawafunsa kuti ali bwanji, ndipo amayi atangotsegula pakamwa kuti ayambe za msana, iye anali atafika kale pa mtondo.

"Wawu!"

Anagwira munsi, kusinja kawiri, chimanga chonse mbwee pansi, nkhuku n'kuchita phwando. Mwamuna wake anajambula. Annette analawa nachesi, kutseka maso. "Wawu!" Amayi, amene anayamba kuvala nsapato ine ndisanabadwe, ankayenda chodumphadumpha opanda nsapato pa timiyala akumwetulira ndi mano okhaokha. Foni ya a Watson inayamba kulira m'denga la kitchini nyimbo ya kwaya, ndipo Kinsley anafotokoza kuti imeneyo ndi mbalame yosowa kwambiri imene imapezeka ku Mwanza kokha. Bambo wa kabudula anaijambula mawu.

Ine Chingerezi ndimamva, ndinafika fomu 2 ine. Ndinamumva Annette akuuza mwamuna wake kuti anthu awa alibe kalikonse koma taonani chimwemwe chawo. Ndinafuna kumuuza kuti kalikonseko kali m'nkhokwe, koma ndinadziletsa.

Sindinafunikire kumuuza. Chilichonse chotseka amafuna kuchitsegula. Tisanazindikire, Annette anali atakwera pa mtondo, watukula denga la nkhokwe, mutu walowa mkati.

Anakuwa.

Tonse tinathamangirako. A Watson anachotsa dengalo, ndipo munali a Liyangi, atakhala mwaulemu pa mpando wobiriwira pakati pa ndowa ndi dishi ya kanema, akusenda nachesi, akangaude atawalukira kumutu, wigi ya amayi ili pa bondo.

"Mwaswera bwanji," anatero m'Chingerezi.

Kinsley thukuta linamutuluka, koma mnyamata uja pakamwa ndi pa ntchito pake. Anati awa ndi mlendo wochokera ku China amene anapempha kuti alawe moyo wogona m'nkhokwe, ndipo katunduyo ndi wawo, poti Achaina amayenda ndi zinthu zambiri. Bambo wa kabudula anafunsa ngati nayenso angalowemo pang'ono.

Annette anasangalala kwabasi kupeza mlendo mnzake. Anawathandiza a Liyangi kutsika, kuwasasa fumbi, n'kuyamba kuwalangiza molankhula pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala. Anati anthu a kuno ndi abwino mtima, koma asamale ndi madzi a pamjigo uwo, mijigo yakumudzi sidziwika anaikonza ndani. Anawapatsa timapiritsi tothira m'madzi. Mjigo umenewo a Liyangi anaukonza ndi manja awo chaka chatha, mudzi wonse ukumwa. Iwo analandira timapiritsito ndi manja awiri n'kuthokoza.

Amayi anamukoka Kinsley malaya. "Akuti chiyani mzunguyu? Tanthauzira zonse, usadumphe."

Kinsley anayamba kutanthauzira monyinyirika. Annette ataona kuti amayi akumvetsera, anawagwira dzanja n'kulankhula mawu ochokera pansi pa mtima, maso atalengeza misozi.

"Akuti ndinu mayi wabwino," anatero Kinsley. "Akuti iwowo ndi bambo a ku Chinawa ndi amodzi, onse ndi odutsa. Lero ali pano, mawa apita kwawo, koma sadzakuiwalani."

Amayi anasiya kumwetulira.

"Akutinso m'galimoto muli malo. Bambowa asavutike m'nkhokwe, akwere nawo akawasiye ku Boma kumene kuli malo ogona alendo."

A Liyangi anayang'ana galimoto, anayang'ana nyumba yawo imene chitseko chake chinali chotseka, kenako anayang'ana pansi. Analankhula m'Chichewa, motsitsa mawu, osaloza munthu.

"Mwina ndikwere. Dzuwa lakwera, mame achedwa kukamuka."

Palibe anaseka. A Watson anavula chipewa. Ine ndinakumbukira kuti mawu aja anadutsira pakamwa panga. Amayi anangoima, mapazi ali pa timiyala, osadumphanso.

Annette sanamve kanthu. Anaomba m'manja kuti tsopano tijambulitse chithunzi chotsanzikana, mayi wa pakhomo pakati, alendo ake mbali ndi mbali. Anaima kumanja kwa amayi, n'kukokera a Liyangi kumanzere. Ataona kuti aima patali, anawakankhira pafupi mpaka mapewa anagundana, n'kutenga mkono wa a Liyangi kuukoleka pakhosi pa amayi.

Abale inu, sindinadziwe kuti amayi anga angathe kudumpha chotero. Anafuula kuti "Ogo!" n'kuuluka chammbali, chitenje anachikokera kumutu mpaka nkhope yonse inabisika, ndipo anathamanga opanda nsapato pa timiyala tonse tija mpaka kuseri kwa khola la mbuzi. Mtondo unagubuduka. Nkhuku zinabalalika.

Kuseri kwa kholako kunamveka mawu amene mudzi wonse umawadziwa.

"Deliwe! Iwe Deliwe! Uwauze azunguwo kuti kwathu kuno munthu saima phewa ndi phewa ndi akamwini ake! Anakulira kuti anthu amenewa? Malaulo anji awa pakhomo panga!"

"Ndamva amayi!"

"Ndipo uwauze abambo a Nthanda kuti galimoto imeneyo akwera akapita kuti? Chitseko cha khola ili chinathyoka kalekale, mbuzi zikutha chinangwa cha eni, iwo ali pamenepo kujambulitsa! Anabwera kudzakhala pa mpando pakhomo pano?"

Ndinatembenuka kuti ndipereke uthengawo monga mwa mwambo, ngakhale kuti unamveka mpaka ku Thambani. A Liyangi anali ataima pomwepo, mkono ukadali m'mwamba pamene panali khosi la amayi, misozi ikuyenderera m'fumbi la kumaso kwawo.

"Alamu," anatero. "Mwaona? Andithawa."

"Ndaona. Akutinso chitseko cha khola."

"Ndamva. Atukwana bwino kwambiri."

Annette anali atagwira pakamwa. Anabwera n'kuwasisita a Liyangi pamsana, akupepesa mobwerezabwereza. Anati sanayembekezere kupeza tsankho loterolo kwa anthu omwetulira chonchi, ndipo asadandaule, si onse amene amadana ndi Achaina. Anawakakamizanso kuti akwere galimoto achoke pamalo pamene sakufunidwa. A Liyangi anapukuta maso n'kumuuza m'Chingerezi chaulemu kuti zikomo, koma ali ndi ntchito. Anamubwezera timapiritsi take, n'kufunsa a Watson kumene kuli hamala.

Alendowo ananyamuka, Kinsley akuyesetsa kufotokoza kuti chimene aonacho ndi gule wamakolo wotsanzikana. Galimoto isanakhote n'komwe, amayi anali atayamba kale kufuula kuti wina awapatsire nsapato ndi wigi yawo. Flossie anatuluka ndi Nthanda, ndipo atamva zimene zachitika anakhala pa mtondo wogubuduka uja n'kumalira ndi kuseka nthawi imodzi. A Liyangi anapita kukhola modzera njira yaitali yozungulira kudimba, kuti asakumane ndi apongozi awo. Mpando wobiriwira unatsala m'nkhokwe, ndipo palibe anaukumbuka.

M'mawa mwake ndinkachokera kumjigo ndi amayi pamene a Liyangi anatulukira pa kanjira kopapatiza, atasenza mitengo ya khola. Amayi anapatukira kumanzere, nkhope atayang'ana kumbali. A Liyangi, posafuna kuperewera, anaponya mitengo pansi n'kudumphira kumanja ndi mphamvu zawo zonse, osayang'ana kumene akugwera. Munali chitedze.

Anadzikanda tsiku lonse, mikono ndi khosi zili psuu, ndipo aliyense wodutsa pamsewu ankamuitana kuti abwere adzaone.